Mawu atatu m'buku la kuchipatala la achimwene

Buku la kuchipatala la achimwene anga ndimasunga ndine. Lili m'jumbo pansi pa zovala m'sutukesi, pamodzi ndi lipoti la apolisi ndi makalata awiri a inshuwalansi. Pa tsamba la tsiku la ngozi pali zolemba zothamanga za dokotala, ndipo pakati pake pali mzere umene ndauwerenga kambirimbiri: GCS 14/15, mild head injury. Mawu atatu omalizawo akutanthauza kuvulala pang'ono m'mutu. Tsiku limenelo tinawalandira ndi manja awiri, amayi mpaka anagwada pakhonde la wodi kuthokoza Mulungu. Papita zaka ziwiri tsopano, ndipo mawu omwewo ndi amene akhala akutitsekera khomo kulikonse kumene tapita kukapempha thandizo.

Achimwene anakwera kabaza wa njinga yamoto chakumadzulo, akuchokera kogula misomali ndi guluu, galimoto n'kuwagunda cham'mbali. Chisoti analibe. Amene anaona akuti anakomoka mphindi zochepa, kenako anadzuka n'kuyamba kufunsa jumbo ya misomali. Ankati akawayankha, pasanapite nthawi afunsanso, mpaka kukafika kuchipatala. Mkono wamanzere unathyoka ndipo anauika m'chikhakha, pamwamba pa khutu anawasoka. Anagona masiku awiri, lachitatu anatuluka akuyenda okha.

Achimwene ndi kalipentala. Anali munthu woti akayeza chitseko kamodzi, manambala amakhala m'mutu mpaka akafike nawo kushedi, osalemba paliponse. Chikhakha chitachoka anabwerera kuntchito, ndipo sabata yoyamba yomweyo anadula thabwa la mlombwa moperewera. Aliyense amalakwitsa, tinatero. Tsiku lina ndinawapeza ataima ndi tepi m'manja, ayang'ana nambala, ayang'ana thabwa, abwereranso pa tepi, milomo ikuyenda popanda mawu. Atandiona anafunsa kuti, "Iwe, kodi ndimati ndidule zingati?" Ine ndinali nditangofika kumene.

Zambiri anaziona ndi mlamu wanga. Munthu amene sanakwezepo dzanja pa mwana anayamba kukalipa ana akangoseka mokweza. Wailesi imene ankakhala nayo tsiku lonse kushedi inayamba kuwasokosera. Dzuwa likafika paliwombo amakhala atatheratu, ngati alima munda wonse. Tsiku lina ndiwo zinapserera ali chapomwepo osamva kalikonse, ndipo m'pamene tinazindikira kuti ngakhale fungo la vanishi sakulimvanso. Mlamu anandiitanira kuseri kwa khitchini n'kunena motsitsa mawu, "Alamu, thupi ndi lomwe lija, koma munthu amene anabwerako kuchipatala si amene ndinakwatiwa naye." Kunja anthu anali ndi mayankho awo. Ena ankati awalodza, ena ankati ayamba chamba, ena ankati ndi ulesi chabe.

Pofuna chipukuta misozi kwa a inshuwalansi ya galimoto ija, tinafunika lipoti la dokotala. Fomu yake ili ndi malo olembapo mabala, chithandizo chimene munthu analandira, ndi maperesenti a kulumala kumene watsala nako. Mkono unapatsidwa maperesenti ake chifukwa suwongoka bwinobwino. Pa mutu analemba kuti bala linapola. N'zoona, linapola, tsitsi linameranso. Ndalama zimene zinabwera zinali za mkono.

Kalata yachiwiri ndi imene inandipweteka kwambiri. Ngozi isanachitike achimwene anatenga ngongole yogulira makina odulira matabwa, ndipo pa ngongoleyo ankadulidwa kandalama ka inshuwalansi, koti akamwalira kapena akalumala kotheratu ngongole ithe. Tinapita limodzi ku ofesi. Bambo amene anatilandira anali waulemu, anatipatsa mipando, n'kutsegula mgwirizano pa ndime yotanthauzira kulumala kotheratu: kutaya manja onse awiri, miyendo yonse iwiri, maso onse awiri, kapena kulephereratu kugwira ntchito ina iliyonse moyo wonse. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, bambowa alowa muno okha, asayina okha m'buku la alendo. Ndiye ine ndikalembe kuti chiyani?" Ndinawauza za thabwa lija, za ndiwo, za ana. Anamvetsera ndithu, kenako anatsegula buku la kuchipatala n'kuloza mawu atatu aja. Sindikhulupirira kuti bamboyo anali woipa mtima. Pepala limene anali nalo linalibe malo olembapo zimene ndinkanena.

Ndine mphunzitsi ndipo Chingerezi ndimachimva, choncho usiku ana akagona ndinayamba kufufuza kuti GCS n'chiyani. Ndi chidule cha Glasgow Coma Scale, muyeso umene madokotala awiri a ku Glasgow m'dziko la Scotland, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett, anatulutsa mu 1974. Woyeza amaona zinthu zitatu: ngati wodwala akutsegula maso, ngati akuyankha zomveka, ndi ngati akusuntha thupi akauzidwa kapena akatsinidwa. Monga umagwirira ntchito lero, maso amafika pa 4, kuyankhula pa 5, kusuntha pa 6. Munthu wabwinobwino amapeza 15, wokomoka kwambiri amapeza 3. Kuyambira 13 mpaka 15 amati wavulala pang'ono, 9 mpaka 12 pakatikati, 8 kutsika m'munsi ndiye koopsa. Achimwene anaperewera ndi 1 yekha, chifukwa cha kusokonezeka kwa misomali kuja.

Muyesowu ndi wabwino ndipo wathandiza kupulumutsa anthu ochuluka. Ntchito yake ndi yoti namwino wa usiku adziwe ngati wodwala akutsika poyerekeza ndi mmene anamusiyira wa masana. Umayankha funso la ola limenelo. Sanaupange kuti unene ngati kalipentala adzakumbukire muyeso wa chitseko chaka chamawa. Nawonso mawu akuti mild ali chimodzimodzi. Tanthauzo limene linafala kwambiri linalembedwa mu 1993 ndi bungwe la American Congress of Rehabilitation Medicine: kukomoka kosapitirira mphindi 30, GCS ya 13 mpaka 15, ndi kusagwira zochitika m'mutu kosapitirira maola 24. Zonsezi ndi za tsiku loyamba basi.

Zimene zimachitika mkati ndi zina. Ubongo ndi wofewa ndipo umayandama m'madzi mkati mwa chigaza. Mutu ukamenya msewu n'kuima mwadzidzidzi, ubongo umagwedezeka n'kukhula pamafupa, ndipo timitsempha tating'onoting'ono tolumikiza mbali zake timakokeka. Nthawi zambiri sikani ya CT, yojambula mkati mwa mutu, siona zimenezi, imaona magazi ndi fupa losweka. Mbali ya kutsogolo, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kukonza zochita, ndi imene imavulala kawirikawiri, ndipo timitsempha ta fungo timadutsa pakafupa kopyapyala pamwamba pa mphuno pomwepo. Nditawerenga zimenezi ndinalira, chifukwa mkwiyo uja, thabwa lija ndi ndiwo zija zinapezeka kuti ndi nkhani imodzi. Anthu ambiri ovulala motere amachira pakapita masabata kapena miyezi yochepa. Koma kafukufuku wa TRACK-TBI wa ku America, amene anatuluka mu 2019, anapeza kuti mwa anthu ofika m'zipatala zikuluzikulu atavulala "pang'ono", oposa theka anali akadali ndi zovuta pa moyo wa tsiku ndi tsiku patatha chaka.

Vuto limayamba nambala ya dokotala ikalowa m'lamulo n'kusanduka mpanda. M'chigawo cha Ontario ku Canada, isanafike 1 June 2016, malamulo a inshuwalansi ya galimoto ankati munthu amene wapezeka ndi GCS ya 9 kapena kucheperapo ngozi itangochitika wavulala koopsa kwambiri, ndipo ankatsegulidwira thumba lalikulu la chithandizo. Wopeza 10 ankayenera kufunira njira ina, ngakhale moyo wake utasokonekera kuposa wa mnzakeyo. Kuyambira tsiku limenelo anasintha. Munthu wamkulu amafunika sikani yoonetsa kuvulala, komanso kuyezedwa mmene akukhalira patatha mwezi, miyezi 6 kapena chaka. Kuyang'ana mmene munthu akukhalira ndikugwirizana nako. Koma wa sikani yoyera amatsalabe kunja kwa khomo limenelo, ndipo malire amene anaikidwa chaka chimenecho anali madola a ku Canada 65,000 kwa wovulala wamba ndi 1 miliyoni kwa wovulala koopsa.

Ku Britain, bungwe la Association of British Insurers lili ndi mawu achitsanzo amene makampani amatsatira pa inshuwalansi ya matenda aakulu. Amati pafunika kuti mbali ina ya ubongo ife chifukwa cha kuvulala, n'kusiya chilema cha m'mitsempha chosatha chokhala ndi zizindikiro zopitirira. Amawonjezera kuti zizindikiro zochokera ku vuto la m'maganizo siziwerengedwa. Ndiye mkwiyo wa achimwene ugwera mbali iti, ya mitsempha kapena ya maganizo? Pamenepo ndi pamene maloya amadyerapo. Lamulo la maphunziro a ana olumala la ku America, lotchedwa IDEA, linaika kuvulala kwa ubongo ngati gulu lapadera mu 1990, ndipo limati kuvulalako kuchokere ku mphamvu ya kunja kwa thupi. Mwana wovulala ubongo pobadwa salowa m'gulu limenelo. Ndikamawerenga ndimaganiza za ana athu amene malungo a mu ubongo anawasiya akuvutika m'kalasi. Amaiwala mofanana, koma tanthauzo lotere likanawatumiza khomo lina.

Nkhani imene inandisowetsa tulo ndi ya osewera mpira wa ku America, uja amawombana mitu atavala zisoti. Mu 2002 dokotala wobadwira ku Nigeria, Bennet Omalu, anayeza ubongo wa Mike Webster, wosewera wotchuka wa Pittsburgh Steelers amene anamwalira ali ndi zaka 50 atasokonezeka kwa nthawi yaitali. Anapezamo matenda amene lero amadziwika kuti CTE, kuwonongeka kwa ubongo kobwera ndi kumenyetsa mutu mobwerezabwereza, ndipo anafalitsa zimene anapeza mu 2005. Patapita zaka, osewera akale oposa 4,500 anasumira bungwe loyendetsa mpirawu la NFL. Mu 2013 mbali ziwirizi zinagwirizana madola 765 miliyoni, koma woweruza Anita Brody wa ku Philadelphia anakayika ngati zingakwanire, ndipo malirewo anachotsedwa. Mgwirizano unavomerezedwa mu April 2015, unayamba kugwira ntchito mu January 2017, ndipo ukhala zaka 65. A NFL sanavomere kulakwa kulikonse.

Milanduyi inali ya kumenyetsa mutu, koma mgwirizanowu sulipira munthu chifukwa chomenyetsa mutu. Umalipira matenda otchulidwa mayina: ALS (yofoola minofu ya thupi) mpaka madola 5 miliyoni, Alzheimer's (yoiwalitsa) kapena Parkinson's (yonjenjemeretsa) mpaka 3.5 miliyoni, kuiwala kwakukulu mpaka 3 miliyoni, kuiwala kongoyamba mpaka 1.5 miliyoni. CTE imatsimikizika munthu atamwalira, ndipo mabanja amene anapatsidwa mwayi wolandira mpaka madola 4 miliyoni ndi a osewera amene anamwalira mgwirizano usanavomerezedwe mu April 2015. Womwalira pambuyo pake, ayi. Kukwiya msanga, kukhumudwa, kusadziletsa, zimene akazi a osewerawa ankadandaula kwambiri, sizili pamndandanda. Ena anakana mgwirizanowu pa chifukwa chomwecho n'kuchita apilo, koma makhoti anausiya momwemo mu 2016.

Mawu akuti traumatic brain injury, kutanthauza kuvulala kwa ubongo, alimo mu mgwirizanowu, koma ntchito yake ndi yochepetsa ndalama. Ngati wosewera anavulala koopsa mu ubongo kunja kwa mpira wa NFL, tinene pa ngozi ya galimoto, matenda ake asanapezeke, chipukuta misozi chake chimadulidwa ndi 75 peresenti. Sitiroko imadulitsanso chimodzimodzi. Apa ndinaona kuti tanthauzo la mawu m'pangano silimangofotokoza matenda. Limalembedwa ndi anthu amene akudziwa bwino kuti liwu lililonse lili ndi mtengo wake.

Kenako panatuluka za race-norming. Pofuna kudziwa ngati nzeru za wosewera zatsika, madokotala ankayerekeza zotsatira za mayeso ake ndi pamene akuganiza kuti anayambira. Kawerengedwe kamene kankagwiritsidwa ntchito kankatenga munthu wakuda ngati woyambira m'munsi kuposa mzungu. Choncho osewera awiri akapeza zofanana, mzungu ankaoneka kuti watsika kwambiri, wakuda n'kuoneka ngati ndi mmene analili kale. Osewera awiri akale, Kevin Henry ndi Najeh Davenport, anakasuma mu 2020. A NFL analonjeza kusiya kawerengedweka mu June 2021, ndipo woweruza anavomereza njira yatsopano mu March 2022, amene anakanidwa n'kupatsidwa mwayi woti zotsatira zawo ziwerengedwenso.

Nkhani ya ku America ndi ya ku America, koma funso lake linandipeza pamphasa panga. Kuti unene kuti munthu watsika, uyenera kudziwa pamene anali. Achimwene analekezera Sitandade 8. Munthu wowayeza lero ndi mafunso a papepala, mwina a m'Chingerezi, akhoza kunena kuti kwa munthu wa Sitandade 8 zili bwino. Sangadziwe kuti ameneyu ankawerengera matabwa a denga la nyumba yonse ataima pabwalo, manja ali m'thumba. Nzeru zawo sizinalembedwe pa satifiketi. Zili m'zitseko ndi m'mipando ya m'nyumba za anthu, ndipo palibe fomu imene imafunsa zimenezo.

Chimene chinandipatsako mtima ndinachipeza ku South Africa, ndipo ndikuchilemba chifukwa abale athu ambiri ali ku Joni ndi ku Cape Town, akuyenda m'misewu yomweyo. Kumeneko ovulala pa ngozi za pamsewu amalipidwa ndi Road Accident Fund, thumba limene ndalama zake zimachokera pa mtengo wa mafuta. Kuyambira August 2008, chipukuta misozi cha ululu ndi kuvutika chimaperekedwa pokhapokha kuvulalako kukhale kwakukulu, ndipo dokotala amadzaza fomu yotchedwa RAF 4. Njira yoyamba ndi ya nambala: munthu afike 30 peresenti ya kulumala kwa thupi lonse potsatira buku la American Medical Association. Koma akapanda kufika pali njira yachiwiri, imene amaitcha narrative test, yofotokoza mmene kuvulalako kwasinthira moyo wa munthuyo. Mwa zinthu zinayi zimene imavomereza, chimodzi ndi kusokonezeka kwakukulu ndi kokhalitsa kwa maganizo kapena khalidwe. Sindikuti n'zophweka, pamafunika malipoti a akatswiri ndi kupirira kwa zaka. Koma lamulolo lasiya kampata koti mawu onga a mlamu wanga amveke.

Ndimamvetsa chifukwa chake malire amaikidwa. Thumba la inshuwalansi ndi la anthu ambiri, ndipo mutu wopweteka ndi wosavuta kunamizira. Popanda tanthauzo lolembedwa, amene ali ndi loya wolankhula bwino ndiye angamadye, wosauka n'kutsala. Chimene sindingavomereze ndi tanthauzo limene limangoona ola loyamba ndi chithunzi cha sikani, makamaka kuno kwathu kumene wovulala kumudzi amafika kuchipatala tsiku lotsatira, kukomoka kwake palibe anakuwerengera mphindi, ndipo makina a sikani ali m'mizinda. Kusowa kwa umboni kumeneko si mlandu wa wodwala. Ndikanadziwa zimene ndikudziwa lero, ndikanapempha dokotala tsiku lomwelo kuti alembe kuti anakomoka komanso kuti funso la misomali analibwereza maulendo osawerengeka. Zimenezo m'buku mulibe. Ndikanawabwezanso kuchipatala sabata ya thabwa lija, kuti kuiwalako kukhale ndi deti, tisanasayine chilichonse.

Panopa mlamu ali ndi kope la kusukulu limene amalembamo tsiku ndi zimene zachitika: lero aiwala kuti adya, lero akalipira mwana kenako alira, lero mutu kuyambira m'mawa. Bambo wina amene achimwene anamukhomera denga zaka zapitazo walemba kalata yofotokoza mmene ankagwirira ntchito. Tikusonkhanitsa zimenezi kuti tikapite nazo kwa dokotala wa za ubongo, tione ngati lipoti lina lingalembedwe. Ngongole ija tikubweza pang'onopang'ono, ine ndi mng'ono wanga. Kushedi achimwene amalemba muyeso pathabwa lomwelo ndi pensulo, ndipo mwana wawo wamkulu akaweruka kusukulu amawawerengera mokweza asanadule.

Loweruka lapitali anandiona ndikutulutsa bukulo m'jumbo, n'kundipempha kuti ndiwawerengere zimene adokotala analemba. Ndinawerenga mzere uja, ndinawamasulira. Anakhala chete nthawi yaitali akusisita chipsera cha pamwamba pa khutu. Kenako anati, "Pang'ono? Nanga kwambiri kumakhala kotani, mlongo wanga?" Ndisanayankhe anatembenuka n'kuitana mwana kuti awapezere pensulo. Inali kukhutu kwawo.